Charlot, mwana wa amphawi amene adakakamira mafilimu ake

M'mwezi wa Maio chaka cha 2025, pa chikondwerero cha mafilimu chimene chimachitikira ku Cannes m'dziko la França, anthu adaonetsedwa filimu imene idangotsala ndi milungu yochepa kuti ikwanitse zaka 100. Dzina lake ndi The Gold Rush, koma achikulire amene adalowapo m'nyumba za sinema za Chipwitikizi amaidziwa kuti A Quimera do Ouro, ndipo mwini wake amamudziwa kuti Charlot. Akatswiri a ku Bologna m'dziko la Itália adali ataikonza chithunzi chimodzichimodzi, kuchotsa mizere ndi madontho amene idatola m'zaka zonsezi.

Nkhani yotere ikangomveka, okonda mafilimu akale amayamba kuwerenga miyezi, kudikira tsiku limene filimuyo idzatuluke pa chimbale choti munthu nkugula ndi kukaonera kunyumba kwake. Adadikira chomwecho m'nthawi ya makaseti a vidiyo, adadikiranso itabwera DVD, kenaka Blu-ray. Chimene chimawabwezera m'sitolo si kuwala kwa zithunzi kokha ayi. The Gold Rush ilipo pawiri, ya 1925 ndi ya 1942, ndipo wogula amafuna kudziwa kuti m'chimbalemo muli iti. Imene idaonetsedwa ku Cannes ndi ya 1925, yomwe mwini wakeyo adaikankhira pambali akali moyo.

Charles Spencer Chaplin adabadwa pa 16 Abril 1889 ku London, chakummwera kwa mtsinje wa Thames, kumene kunkakhala anthu osauka. Bambo ake ndi mayi ake, a Hannah, onse adali oyimba m'nyumba za zisudzo. Banjalo silidakhalitse. Bambowo adalowerera m'mowa, ndipo mowawo udawapha mu 1901 ali ndi zaka 38. Mayiwo mawu adawathera, tsono adayamba kusoka zovala za anthu kuti apeze chodyetsa Charlie ndi mkulu wake Sydney, amene adali wa bambo wina. Ndalama ya kusoka sinkakwana. Ali ndi zaka 7 Charlie adalowa m'nyumba ya amphawi ya ku Lambeth, m'mene boma linkasungiramo osowa nkumawagwiritsa ntchito, ndipo kuchokera kumeneko adamutumiza ku sukulu ya ana amasiye ndi osowa ku Hanwell. Mu 1898 mayi ake adadwala misala nagonekedwa ku chipatala cha Cane Hill. Adapezako bwino, koma matendawo adabweranso mu 1903, ndipo ulendo uno amene adawaperekeza ku chipatala adali Charlie yemweyo, mnyamata wa zaka 14. Atabwerako adakhala yekhayekha, chakudya chochita kufunafuna, mpaka Sydney adabwerera kuchokera ku ntchito yake ya pa sitima ya pamadzi.

Sukulu adailekeza panjira. Chuma chimene adali nacho ndi miyendo ndi nkhope basi. Asanakwanitse zaka 10 adali atayamba kale kuvina m'gulu la ana lotchedwa Eight Lancashire Lads, ndipo mu 1908 Sydney adamupezera malo m'gulu la zisudzo zoseketsa la Fred Karno, kumene adatchuka poyerekeza munthu woledzera. Ndi gulu limeneli adapita ku Amereka kawiri, mu 1910 ndi mu 1912, pamodzi ndi Stan Laurel, uja adadzatchuka pa awiri aja a Bucha ndi Estica. Pa ulendo wachiwiri kampani ya mafilimu ya Keystone idamuona, nimulemba ntchito pa madola 150 pa mlungu.

Filimu yake yoyamba idatuluka mu Fevereiro 1914, ndipo mwezi womwewo anthu adaona koyamba kamunthu kaja: buluku lotaya, jekete yothina, nsapato zazikulu, chipewa chobulungira, kandodo ndi kandevu ka pansi pa mphuno. Ndi mphawi wosowa pogona amene amayenda ngati bwana. Pasanapite miyezi yambiri Chaplin adapempha kuti azitsogolera yekha mafilimu ake. Mkulu wa kampaniyo, Mack Sennett, adakayika, ndipo mnyamatayo adalonjeza kupereka madola 1,500 amene adasunga ngati filimuyo ikanika. Sidakanike. Malipiro ake adakwera mothamanga: madola 1,250 pa mlungu ku kampani ya Essanay mu 1915, kenaka madola 670,000 pa chaka ku kampani ya Mutual mu 1916, ali ndi zaka 26 zokha.

Ndalama zidali zake, koma mafilimuwo sadali ake, ndipo adaphunzira msanga tanthauzo la zimenezi. Atangochoka ku Essanay, kampaniyo idatenga filimu yake yoseka sewero la Carmen, niwonjezeramo zithunzi zimene iye adataya ndi zina zimene sadajambule nkomwe, mpaka kutalika kwake kudawirikiza kawiri. Chaplin adakasuma ku bwalo la milandu, koma mlandu udamugwera. Mu 1918 kampani yomweyo idasonkhanitsa zotsalira zake nkupanga filimu ina, Triple Trouble, niigulitsa ndi dzina lake. Mafilimu a ku Keystone nawo ankadulidwadulidwa ndi kupatsidwa maina atsopano ndi aliyense amene wawagula, kuti anthu alipirenso poganiza kuti ndi atsopano.

Choncho pamene adasayina mgwirizano wa madola 1,000,000 ndi kampani ya First National mu 1917, adaonetsetsa kuti pakapita zaka zingapo mafilimuwo adzabwerere m'manja mwake. Adamanga malo akeake ojambulira pa msewu wa La Brea ku Hollywood, ndipo mu 1919 iye, Mary Pickford, Douglas Fairbanks ndi D. W. Griffith adayambitsa kampani ya United Artists kuti azigulitsa okha zimene apanga. Kuyambira pamenepo ankalemba yekha nkhani, kusewera, kutsogolera, kulumikiza zithunzi ndi kulipira zonse kuchokera m'thumba mwake. Koposa zonse, ankasunga negativo, ndiye kuti filimu yeniyeni yochokera m'kamera, imene makope onse amachokerako.

Mmene ankaitetezera negativo zidaoneka bwino mu 1920. Ukwati wake woyamba ndi Mildred Harris unkatha, mwana wawo atamwalira chaka chapitacho ali ndi masiku atatu okha, ndipo Chaplin adaopa kuti pa mlandu wa chisudzulo amulanda filimu imene adaivutikira kwa chaka. Adaiika m'zitini za khofi, naithawitsira ku Salt Lake City m'chigawo china, nakailumikizira m'chipinda cha hotela. Filimuyo ndi The Kid, kapena kuti O Garoto de Charlot, ya 1921, m'mene mphawi uja amatola khanda lotayidwa nkulilera, kenaka a boma nkubwera kudzamulanda mwanayo ndi galimoto ya kumalo a ana amasiye. Wodziwa za Lambeth ndi Hanwell safunsa kumene nkhaniyi idachokera.

The Gold Rush idatuluka pa 26 Junho 1925. Ndi nkhani ya anthu amene adathamangira ku Klondike kukafuna golide kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, nakapezako chisanu ndi njala. Pa chithunzi choyamba, cha mzere wa anthu akukwera phiri m'chipale, adatenga amuna 600 kupita nawo ku mapiri a ku Truckee. Koma chimene anthu amakumbukira ndi chaching'ono: Charlot waphika nsapato yake, waiika m'mbale mwaulemu, akudya zingwe zake ngati chakudya cha patebulo la mfumu nkumayamwa misomali ngati mafupa a nkhuku, mnzake akumuyang'ana ndi maso a njala. Nsapatoyo idali yopangidwa ndi switi wakuda. Ena amaseketsa ndi kugwa ndi kuthamangitsana, koma Chaplin adaseketsa anthu ndi njala yeniyeni, imene adaidziwa ali mwana.

Pa filimu imeneyi pali banga limene siliyenera kubisidwa. Mtsikana amene adayamba kusewera mbali ya mkazi, Lita Grey, adali ndi zaka 16 pamene Chaplin, bambo wa zaka 35, adamupatsa mimba, namukwatira mwakachetechete ku México mu 1924. Mildred Harris nayenso adali ndi zaka 16 pamene chibwenzi chawo chidayamba. Luso la munthu silifafaniza zotere. Ukwati ndi Lita udatha mu 1927 ndi manyazi a m'nyuzipepala, ndipo Chaplin adalipira madola osachepera 600,000. Mbali ija m'filimu idapita kwa Georgia Hale.

Chaka chomwecho cha 1927 mafilimu adayamba kulankhula, ndipo m'zaka zochepa Hollywood yense adasiya mafilimu opanda mawu. Chaplin adakana. Ankadziwa kuti Charlot amamveka kwa Mjapani, Mpwitikizi ndi Mwafirika chifukwa salankhula chilankhulo cha munthu aliyense. City Lights, Luzes da Cidade, idatuluka mu 1931 ili ndi nyimbo koma yopanda zokambirana. Kachigawo kamene mtsikana wakhungu wogulitsa maluwa amaganiza kuti mphawiyo ndi munthu wolemera adakajambula maulendo 342 asanakhutire. Wolipidwa ndi kampani ya eni sakadaloledwa kutaya filimu yochuluka chotero. Iye ankataya yake. Nyimbo ankapeka yekha ngakhale sankadziwa kuzilemba papepala: ankaimba ndi pakamwa kapena kuliza piyano, wina nkumalemba. Mu Modern Times, Tempos Modernos, ya 1936, Charlot amamezedwa ndi makina a m'fakitale, ndipo atatsegula pakamwa koyamba adaimba nyimbo ya mawu opanda tanthauzo m'chilankhulo chilichonse.

Adalankhula kwenikweni mu 1940, mu The Great Dictator, O Grande Ditador, m'mene adanyoza Adolf Hitler, munthu amene adabadwa patangopita masiku anayi iye atabadwa ndipo adali ndi kandevu kofanana ndi kake. Adasewera anthu awiri, wolamulira wankhanza ndi Myuda wometa tsitsi. Pa nthawiyo Amereka adali asanalowe m'nkhondo, ndipo ambiri adamulangiza kuti aleke. Pambuyo pake iye mwini adalemba kuti akadadziwa zimene zinkachitika m'misasa yopherako Ayuda sakadatha kupanga nthabwala pa nkhaniyo.

Tsono mu 1942 adabwerera ku The Gold Rush. Anthu adali atazolowera mawu, ndipo iye adafuna kuti filimuyo ipezenso ndalama. Adachotsa mawu olembedwa amene ankaoneka pakati pa zithunzi, naikamo nyimbo ndi mawu ake akufotokoza nkhaniyo. Adaifupikitsa ndi mphindi zingapo. Adasintha ngakhale mtima wa nkhaniyo. Mu ya 1925, kalata yopepesa imene Georgia amalemba ndi ya mwamuna wina, ndipo mwamunayo amaipereka kwa Charlot mwachipongwe, Charlot nkukondwera ndi chikondi chimene si chake. Mu ya 1942 kalatayo imangopita kwa Charlot mwachindunji. Kupsompsonana kwa kumapeto adakuchotsanso. Nyimbo za 1942 nzokoma ndithu, koma mawu ofotokozawo amauza woonera zimene maso aona kale, ndipo nkhanza ija ya kalata, imene inkapweteka mtima, idatha. Kwa Chaplin, iyi ndiyo idakhala filimu yeniyeni. Ya 1925 sadaisamalenso, moti mu 1953 umwini wake ku Amereka sudakonzedwenso pa malamulo. Nchifukwa chake m'nthawi ya makaseti kudadzaza makope ake otuwa ndi oduka, ogulitsidwa ndi aliyense.

Zaka zimenezo zidali zowawa. Mayi wina, Joan Barry, adamusumira kuti ndi bambo wa mwana wake, ndipo ngakhale kuyeza magazi kudaonetsa kuti si iye, bwalo lidagamula mu 1945 kuti azipereka chithandizo. Adali atalankhula poyera kuti maiko a kumadzulo athandize a Soviet pa nkhondo, ndipo adali atakhala ku Amereka zaka pafupifupi 40 osatenga unzika. Nkhondo itatha adayamba kumutcha wachikomyunizimu, a FBI nkumamulonda. Mu Setembro 1952 adakwera sitima ya Queen Elizabeth kupita ku London kukaonetsa Limelight, Luzes da Ribalta, ndipo ali panyanja boma la Amereka lidafafaniza chilolezo chake chobwerera. Mkazi wake wachinayi, Oona O'Neill, amene adamukwatira mu 1943 ali ndi zaka 18 iye ali ndi 54, ndiye adabwerera kukatenga chuma cha banjalo. Malo ojambulira aja adagulitsidwa, gawo lake mu United Artists lidagulitsidwanso, koma mafilimu sadagulitsidwe. Manegativo adawoloka nyanja kumutsata ku Ulaya.

Banjalo lidakhazikika ku Corsier-sur-Vevey m'dziko la Suíça mu 1953, ndipo ukwati umenewu udakhala mpaka imfa, ndi ana 8. Adapanganso mafilimu awiri, mu 1957 ndi mu 1967, amene sadafike pa akale aja. Ntchito yaikulu ya ukalamba wake idali kutsegula zitini zakale. Mu 1959 adalumikiza mafilimu atatu a nthawi ya First National nkuwapatsa nyimbo. The Circus ya 1928 adaitulutsanso ali ndi zaka pafupifupi 80, ataimba yekha nyimbo yotsegulira ndi mawu a nkhalamba. Mu 1971 adapekera nyimbo The Kid, nachotsamo zigawo zitatu zonena za mayi wa mwana uja, poganiza kuti anthu a masiku amenewo aziona ngati zochititsa chisoni mopitirira. Mu 1976 adachitanso chimodzimodzi ndi A Woman of Paris ya 1923. Paliponse pamene dzanja lake lidadutsa, lidawonjezera nyimbo nkuchotsa kanthu.

Mu Abril 1972 adabwerera ku Amereka patapita zaka 20 kukalandira mphoto yaulemu ya Oscar, ndipo anthu adaimirira nkuwomba m'manja kwa mphindi 12. Mu 1975 Mfumukazi Elizabeth idamupatsa ulemu wa Sir. Adamwalira m'tulo pa 25 Dezembro 1977 ali ndi zaka 88. Ngakhale m'manda sadapume msanga: mu Março 1978 amuna awiri adafukula bokosi lake nafuna ndalama kwa Oona. Apolisi adawagwira, bokosilo lidapezeka m'munda wa chimanga patapita milungu 11, ndipo adaliikanso pansi pa konkire.

Kuti munthu amvetse kukula kwa zimene adasiya, ayang'ane anzake. Mafilimu a nthawi imeneyo ankapangidwa ndi nitrato, imene imayaka ngati petulo ndipo ikakhalitsa imamata kenaka nkusanduka fumbi. Makampani ambiri, mafilimu olankhula atabwera, adaona akalewo ngati zinyalala. Kafukufuku wa Library of Congress wa 2013 adapeza kuti mwa mafilimu aatali opanda mawu pafupifupi 11,000 amene adapangidwa ku Amereka, 70 pa 100 alionse adatayikiratu. A Chaplin a kuyambira 1918 alipo, ndipo kupatula yomaliza ya 1967, imene idali ya kampani ya Universal, adatsala m'manja mwa banja lake kudzera mu kampani ya Roy Export.

Komabe zambiri zimene okonda mafilimu amazilakalaka ndi zomwe iye sadafune kuti zioneke. Adalamula kuti zotsalira za kujambula kwake ziwotchedwe, koma sizidapse zonse. Angerezi awiri, Kevin Brownlow ndi David Gill, adazipeza nazionetsa pa wailesi ya kanema mu 1983 m'zigawo zitatu zotchedwa Unknown Chaplin, ndipo anthu adaona koyamba mmene ankagwirira ntchito: wopanda nkhani yolembedwa, kubwereza kanthu kamodzi mpaka nthabwala itabadwa kamera ili kuzungulira. Awiri omwewa mu 1993 adamanganso The Gold Rush ya 1925 kuchokera ku zidutswa za makope osiyanasiyana. Pa DVD za MK2 ndi Warner za 2003, ya 1942 ndiyo idali patsogolo, ya 1925 nkukhala ngati chowonjezera. Kampani ya Criterion, imene idayamba kutulutsa mafilimu ake mu 2010 ndi Modern Times, idaika zonse ziwiri m'chimbale cha 2012, nipitiriza pang'onopang'ono: City Lights mu 2013, The Kid mu 2016, The Circus mu 2019. Pakati pa chimbale china ndi chinzake pankapita chaka, mwina zaka zitatu, anthu ali kudikira.

Mafilimu a 1914, amene sadali ake, ndiwo adavuta kwambiri. Nyumba zosungira mafilimu za ku London ndi ku Bologna pamodzi ndi kampani ya Lobster ya ku Paris zidachita kutolera zidutswa m'maiko ambiri, apa mphindi imodzi, apo theka, kuti zitulutse mafilimu a Keystone pa DVD mu 2010. Chaka chomwecho kudamveka kuti munthu wina wosunga mafilimu akale wagula chitini pa msika wa zinthu zakale ku Michigan, napezamo A Thief Catcher, m'mene Chaplin amaoneka kwa mphindi zochepa atavala za upolisi. Palibe amene ankaiwerengera pa mndandanda wa ntchito zake.

Pali mafilimu awiri amene sali pa chimbale chilichonse. Her Friend the Bandit ya 1914 idatayika m'manja mwa eni ake a Keystone ndi amene adagula katundu wawo. Inayo ndi A Woman of the Sea, imene Josef von Sternberg adaitsogolera mu 1926 ndi ndalama za Chaplin, kuti Edna Purviance, amene adasewera naye zaka zambiri, apezenso dzina. Chaplin ataiona sadaikonde ndipo sadaitulutse. Idakhala m'nkhokwe yake zaka 7, ndipo mu Junho 1933, pofuna kuti a msonkho aiwerengere ngati ndalama yotayika, adalamula kuti negativo yake iwotchedwe pamaso pa mboni.